Nguluwe m'munda wa chinangwa: chipolopolo chiti, nanga Chisilamu chikuti bwanji?

 

Lachisanu lina titamaliza swala ya Jumu'ah, m'bale wina wa kumtunda, kumene minda yagundana ndi mapiri, anandikokera pambali. Nguluwe zinamulowera m'munda wa chinangwa masiku atatu otsatizana, ndipo theka la munda linali ngati mwadutsa thirakitala. Anati: "Shehe, alamu anga ali ndi mfuti ya chifefe, ya chilolezo ndithu. Koma zipolopolo zimene ali nazo ndi zija amaphera nkhanga. Kodi tikabisalire nazo zomwezo? Nanga poti nguluwe ndi haraam, ndikaipha ndichimwa kapena ndipeza thawabu?"

Ndinamuyankha mwachidule chifukwa anthu anali kudikira, koma funso lake linanditsatira mpaka kunyumba. Vutoli si la iye yekha. Aliyense amene amalima chinangwa, mbatata kapena chimanga m'mphepete mwa nkhalango, kaya ndi cha ku Vinthukutu, kaya kumtunda kwa Wovwe kumene kumayang'anana ndi Nyika, kaya m'tsinde mwa mapiri a kumadzulo kwa boma, amaidziwa nyama imeneyi. Ndipo chinangwa kwa ife si mbewu yongoonjezera ayi. Msodzi akabwera ndi usipa koma m'nyumba mulibe ufa wa kondowole, ana agonabe ndi njala.

Tiyambe ndi kumudziwa mdaniyo. Nguluwe si njiri. Njiri imayenda masana, poyera, mchira uli njoo, ndipo imagona kuuna. Nguluwe imabisala m'ziyangoyango ndi m'mabango masana onse, n'kutuluka usiku, kawirikawiri m'kagulu: yaimuna yaikulu, zazikazi ndi ana. Yaikulu imalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo zina zimafika matumba awiri. Maso ake saona patali, koma mphuno yake imamva fungo la munthu mphepo ikangochokera kumene muli. Mano ake apansi ndi aafupi koma akuthwa ngati mpeni, chifukwa amanoledwa ndi apamwamba nthawi iliyonse ikatsegula ndi kutseka kukamwa. Chikopa chake n'chochindikala, paphewa pali mnofu wolimba ndi fupa lalikulu, ndipo mtima uli m'munsi, chakutsogolo, kuseri kwa mwendo. Musaiwale zimenezi, pakuti nkhani yonse ya chipolopolo yagona pamenepa.

Tsopano funso la tchimo. Kuti nyama ya nkhumba ndi haraam palibe Msilamu amene amakaika. Qur'an yolemekezeka yanena zimenezi m'malo anayi: Surat Al-Baqarah ndime 173, Al-Ma'idah ndime 3, Al-An'am ndime 145 ndi An-Nahl ndime 115. Nguluwe ndi njiri zili m'lamulo lomwelo, kukhala kutchire sikuziyeretsa. Koma chimene chaletsedwa ndi kudya. Kuteteza munda wako ku nyama yoononga n'kololedwa, ndipo ma ulamaa sanatsutsane pa kupha nkhumba imene ikuononga chakudya cha anthu. Choncho m'bale uja sachimwa akaipha. Pamene ambiri timaterereka ndi apa: timaganiza kuti poti nyamayo ndi najisi, ndiye kuti tingaiphe mulimonse, ngakhale moizunza. Ayi. Nguluwe sinasankhe kukhala nguluwe. Anailenga ndi Allah (SW) yemweyo amene analenga mbuzi yanu. Mu Hadith imene anailandira Shaddad ibn Aws, yomwe ili m'buku la Imam Muslim, Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti Allah analamula ihsaan, kuchita bwino, pa chinthu chilichonse, ndipo anatchula kupha ndi kuzinga komwe: mpeni unoledwe, nyama isavutike. Lamuloli silinapatule nyama zodyedwa zokha.

Pali Hadith ina imene ndimaikonda pa nkhani iyi. Swahaba Abdullah ibn Mughaffal anaona munthu akuthyasula timiyala ndi zala, ndipo anamuletsa, namuuza kuti Mtumiki (SAW) analetsa zimenezo chifukwa kamwala kotere sikapha nyama, sikagonjetsa mdani, ntchito yake n'kungothyola dzino ndi kuboola diso. Taonani nzeru yake. Chida chimene chimangovulaza osapha n'choletsedwa. Ndiye mukandifunsa za zipolopolo za nkhanga pa nguluwe, yankho lili pomwepa.

Ine ndinaziona ndi maso anga ndili mnyamata. Bambo wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, mlenje wodzitama, anabisalira nguluwe pa mwezi ndi gogodela yake imene anaipakira tizidutswa ta misomali. Anaomba, nyama inalira, n'kulowa m'bango. Iye anabwerera kunyumba akuti mawa tikatola. M'mawa mwake mnyamata wobusa ng'ombe, amene sanamve n'komwe za kuombako, anadutsa m'bango lomwelo kupita kumtsinje. Nguluwe ija, ili ndi misomali m'nthiti, inamutulukira n'kumung'amba ntchafu kuyambira pabondo. Tinamunyamula pa machira a nsungwi. Anachira, koma mpaka ukalamba wake ankayenda motsimphina. Amene anaomba sanakandike ngakhale pang'ono. Mlandu wa magazi amenewo pamaso pa Allah unali wa yani? Wa nguluwe?

Tiyeni tsono tizione zipolopolozo.

Mfuti ya mphweya, ija anyamata amaphera njiwa, musaiganizire n'komwe. Kachipolopolo kake sikalemera ngakhale galamu imodzi nthawi zambiri. Pa nguluwe ndi kamwala ka Ibn Mughaffal kaja basi.

Chifefe ndi mfuti imene imapezeka kwambiri kwa alimi amene ali ndi chilolezo, ndipo mphamvu yake imadalira chimene mwaikamo. Katiriji la mbalame lili ndi tinjere ta mtovu mazanamazana, tating'ono ngati mapira. Tinapangidwa kuti timwazike, kamodzi kapena kawiri kakhudze mbalame youluka. Pa nguluwe timathera m'chikopa ndi m'mafuta, osafika kumtima. Pali makatiriji a njere zikuluzikulu ngati nandolo, olembedwa SG kapena SSG pabokosi. La SG limakhala ndi njere ngati zisanu ndi zinayi. Amenewa amapha nguluwe, koma pafupi pokha, mapazi makumi awiri kapena atatu. Kupitirira apo njere zimabalalika, imodzi ilowa m'mimba, ina m'mwendo, ndipo mwabwerera ku nkhani ya m'bango ija. Kenaka pali katiriji la chipolopolo chimodzi chachikulu, cholemera pafupifupi magalamu 28, chimene m'sitolo amachitchula slug. Ichi chimathyola fupa la phewa n'kufika kumene chikufunika. Kwa munthu wa chifefe, ine ndimati slug poyamba, SG pambuyo pake ngati nyama ili pafupi ndithu, za mbalame ayi.

Pa mfuti za raifolo, kaja ka .22 kamanyenga anthu chifukwa kamalunjika bwino ndipo zipolopolo zake n'zotchipa. Koma chipolopolo chake sichikwana magalamu atatu. Ndi cha akalulu ndi nkhanga. Alipo amene amati "ine ndimaomba kukhutu." Usiku, nyama ikufukula, mutu ukugwedezeka, khutu limenelo muliona bwanji? Mukaphonya pang'ono mwathyola chibwano, ndipo nyamayo ikafa ndi njala patapita sabata. Raifolo zoyenera nyama ya msinkhu uwu ndi monga .303 yakale ija, .308 kapena .30-06, zimene zipolopolo zake zimalemera magalamu 10 mpaka 12. Koma ngakhale pa mfuti imodzi yomweyo, zipolopolo zimasiyana kapangidwe. Chilipo chokutidwa ndi mkuwa mpaka kunsonga, cha mtundu wa asilikali. Chimaboola kabowo kakang'ono n'kutulukira kwina chili ndi mphamvu zake zonse, nyama n'kuthawa ngati sinalasidwe. Chilipo cha nsonga ya mtovu yoonekera, amati soft point. Ichi chikalowa chimafutukuka kumutu ngati bowa, chimang'amba njira yotakata, koma sichiphwanyika, ndipo nyama imagwa msanga. Cha nguluwe n'chimenechi. Ndiye pali china chopepuka, chothamanga kwambiri, chimene chimaphwanyika chikangokhudza. Ku America, kumene nkhumba zolowerera kutchire zafika mamiliyoni ndipo zikuononga minda m'madera ngati Texas, alenje amaphera chimenechi coyote, chilombo chapachibale ndi nkhandwe yathu. Pa chilombo chopyapyala chotere chimagwira ntchito. Pa phewa la nkhumba chimangosiya chilonda chachikulu chapamwamba. Phunziro lake n'lakuti palibe chipolopolo chimodzi cha nyama zonse.

Poti ndatchula nkhandwe, ndinenepo pang'ono. Nkhandwe ndi kanyama ka makilogalamu khumi kapena kucheperapo, ndipo mlandu wake waukulu ndi nkhuku ndi tiana ta mbuzi. Mankhwala ake ndi khola lolimba, osati mfuti. Imene muyenera kuiopa ndi yobwera pakhomo masana, yosathawa anthu, dovu lili chuchuchu. Chimenecho n'chiwewe. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kukabayitsa. Musadikire kuti muone. Chiwewe chikaonekera pa munthu sichichizika.

Tsopano chinthu chimene ife a m'mbali mwa nyanja tiyenera kuchiganizira kuposa anthu a kwina: chipolopolo chikaphonya chimapita kuti? Dziko lathu kuno n'lachigwa, lathyathyathya kuchokera ku Kaporo mpaka ku Chilumba, ndipo midzi ndi yothithikana. Ka .22 kaja kamatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka. Cha .303 chimapitirira makilomita atatu. Ndipo chipolopolo chikagunda madzi mopendekeka sichimira, chimadumpha ngati phale limene ana amaponya panyanja. M'minda ya mpunga ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya, madzi ali ponseponse, ndipo usiku mumakhala anthu otsegula ngalande. Kunyanja kuli anzathu m'mabwato ndi nyali zawo akukoka chilimira. Munthu woombera mvuu kapena ng'ona kuchokera pagombe akuseweretsa miyoyo ya amenewo, komanso nyama ziwirizi si za mlimi kulimbana nazo, ndi za a Game. N'chifukwa chake alenje odziwa amamanga nsanja, kuti aziombera pansi, chipolopolo chithere m'dothi. Ndipo saomba chinthu chifukwa chagwedeza masamba. Usiku, mayi wowerama akuzula chinangwa, kaya ndi chake kaya akuba, amaoneka ndendende ngati nguluwe. Mwana wa ng'ombe wosochera chimodzimodzi. Mtumiki (SAW) analetsa ngakhale kumuloza m'bale wako ndi chida mongosewera, kuopa kuti Shaytwan angagwedeze dzanja. Nanga kuomba mumdima chinthu chimene sunachizindikire? Ngati simukuona mutu, phewa ndi miyendo, komanso chimene chili kuseri kwake, chala chisakhale pa chokhethemulira.

Za boma nazo tisazilambalale. Mfuti si yachilendo ku Karonga. Agogo athu anaimva kulira m'masiku a Mlozi, mpaka linga lake la ku Mpata linagwa mu December 1895, ndipo magogodela anatsala m'midzi kuyambira nthawi ya malonda a minyanga ija. Koma lero kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu, ndipo gogodela yosula kuseri kwa nyumba ndi mlandu komanso imaphulikira mwini wake kumaso. Chilolezo ndi cha munthu amene dzina lake lalembedwa. Choncho m'bale wanga uja ndinamuuza kuti asabwereke mfuti ya alamu ake. Ngati kuomba kukufunika, aombe eni ake. Palinso lamulo la nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, moti pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu munthu atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Lamuloli limazindikira kuti munthu angateteze moyo wake, ziweto ndi mbewu zake pamene palibe njira ina, koma limafuna kuti ukapha kapena kuvulaza nyama yotetezedwa ukanene msanga, ndipo nyamayo siikhala yako. Kutsatira nyama mpaka m'kati mwa Nyika kapena m'nkhalango ya boma si kuteteza munda, kumeneko n'kupha nyama mozemba. Njira yoongoka ndi iyi: kauzeni a mfumu, kauzeni alangizi a zaulimi, ndipo uthenga ufike kwa a nthambi ya Parks and Wildlife musanachite kanthu. Ndikudziwa, ena mudzati amachedwa kubwera. N'zoona nthawi zina. Komabe dandaulo lolembedwa limakutetezani tsiku limene nkhani yafika kupolisi.

Poizoni ndi misampha ya waya ndikuletsani ndi mtima wanga wonse. Mankhwala a m'munda opakidwa pa chinangwa sasankha: adya ndi galu, adya ndi mbuzi, miimba imene itole mtembowo nayo ifa, ndipo choopsa kwambiri, alipo amene amatola nguluwe yakufa n'kukaigulitsa. Mukhala mwapha anthu amene simukuwadziwa. Waya umagwira ng'ombe ya mnzanu, kapena umasunga nyama masiku atatu ikudzidula mwendo. Akuluakulu amene anati nguluwe inalira msampha utaning'a anaona okha mmene imavutikira. Mbuna nayo, m'dziko la ana obusa ng'ombe ngati lino, ndi manda okumbiratu.

Nanga yaphedwa, titani nayo? Apa ndi pamene ena amagwa. Jabir ibn Abdillah anasimba kuti chaka chimene Makka inagonjetsedwa, Mtumiki (SAW) analengeza kuti malonda a mowa, nyama yofa yokha, nkhumba ndi mafano ndi oletsedwa. Choncho Msilamu sagulitsa nguluwe, sasinthanitsa ndi tsiku la ganyu, ndipo salipira nayo mlenje. Ngati munthu wakugwirirani ntchito yolondera munda, mulipireni ndalama kapena mpunga chifukwa cha kulonderako. Mtembowo, a boma akaona n'kuuleka m'manja mwanu, ukwirireni mozama. Pali chifukwa china chimene anansi athu oweta nkhumba angakuthokozereni: nguluwe zimatha kusunga kachilombo ka chigodola cha nkhumba popanda izo kudwala, ndipo matendawa akalowa m'khola amasesa. Chinanso, chipolopolo cha mtovu chimasiya tizidutswa m'nyama, ndipo mtovu ndi poizoni kwa mbalame zodya mitembo ngakhalenso kwa mwana wa munthu. Kwa ife otsatira Imam Shafi'i, nkhumba ndi najisi yolemera mofanana ndi galu. Mukaigwira pali chinyontho, kaya magazi akudonthererani, tsukani kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa maulendo amenewo ndi madzi osakaniza dothi. Khasu, chingwe ndi zovala chimodzimodzi. Kuigwira si tchimo, ndi kudetsedwa chabe, ndipo madzi alipo.

Wina adzafunsa, monga amafunsira ana a kumadrasa: "Nanga gwape kapena nkhanga yoombedwa ndi mfuti ndi halaal?" Funsoli n'lakale. Adiyy ibn Hatim anafunsa Mtumiki (SAW) za ndodo yosakira yosongoka mbali imodzi, ndipo anayankhidwa kuti ikalasa ndi kunsonga n'kuboola, adye, koma ikamenya ndi m'mbali nyama n'kufa ndi kumenyedwako, asadye. Mfuti zitabwera, ma ulamaa anasiyana. Ambiri a m'mabuku a Shafi'i anati chipolopolo chilibe kuthwa, chimapha ndi mphamvu ya kukankha, choncho nyamayo siidyedwa pokhapokha mutaipeza ikadali ndi moyo n'kuizinga. Ena, monga Imam Ash-Shawkani wa ku Yemen ndi ma ulamaa ambiri a masiku ano, anati chimaboola ndi kukhetsa magazi kuposa muvi, choncho ukatchula Bismillah poomba ndi halaal. Ine sindinyoza mbali iliyonse, koma mwana wanga ndimamuuza kuti mpeni uzikhala m'thumba, akaipeza ikuphupha azinge. Pamenepo palibe Shehe amene angamutsutse.

Kunena zoona, abale anga, mwa alimi zana amene akuwerenga pano, okhala ndi mfuti ya chilolezo mwina ndi mmodzi, ndipo ngakhale iye akapha nguluwe imodzi, zinzake zimangopuma sabata ziwiri n'kubwerera. Chimene chinasunga minda ya makolo athu ndi kulondera. Msasa pakati pa munda, moto wofuka usiku wonse, zitini zomangirira pa chingwe, ndi kusinthana: lero banja ili, mawa lija. Minda yoyandikana imalondereka ndi anthu ochepa, pamene munda wa kayekha m'mphepete mwa thengo ndi mbale ya nguluwe. Lambulani tchire lozungulira, chifukwa nyamayi siikonda kudutsa poyera. Ngalande yakuya ya m'mbali zoongoka kumbali imene zimalowera imathandiza, ndipo poti ndi yoonekera siigwetsa mwana. Chinangwa chozuna ngati manyokola bzalani pafupi ndi nyumba, chowawa ngati gomani chikhale kumalire ndi thengo, pakuti amayi athu anazindikira kalekale kuti chowawa nguluwe ndi anyani sazichikonda kwenikweni. Za galu, ena amachita manyazi kuweta poti ndi Asilamu. Hadith zimene zili kwa Bukhari ndi Muslim zinalola galu wa ntchito zitatu: kusaka, kulondera ziweto ndi kulondera munda. Mumangireni kumsasa, mupatseni mbale yakeyake, mukamubayitse katemera wa chiwewe a zaziweto akalengeza, ndipo asalowe m'nyumba. Koma musamutume kukalimbana ndi nguluwe m'bango. Ntchito yake n'kuuwa kuti inu mudzuke.

M'bale uja tinagwirizana chonchi. Zipolopolo za nkhanga zikhale za nkhanga. Apite kwa a mfumu ndi anzake anayi amene minda yawo yagundana, akalembetse dandaulo, ndipo ayambe kugona kumsasa mosinthana kuyambira usiku womwewo. Alamu akewo akafuna kuthandiza, akagule slug kwa wogulitsa wovomerezeka, ayese kaye masana pa chulu kuti adziwe kumene mfuti yawo imaponya, amange nsanja moyang'ana kuphiri osati kumudzi, ndipo nyumba zonse zoyandikira ziuzidwe usiku umene akabisalire. Ikalasidwa n'kuthawa, ng'oma ilire m'mawa, ana ndi ng'ombe asapite kumtsinje mpaka itapezeka.

Lachisanu lotsatira ndinamuona pamzere wachiwiri, maso ali psuu ndi tulo. Ndinamufunsa za chinangwa. Anati zinabweranso kamodzi, galu anauwa, zinabwerera pa ngalande. Mfuti inali isanalire.